Kusankha Buku Loyenda Nalo ku Maiko Akutali

Mwezi wa Ramadhan ukangotha, m'mizikiti ya ku Ntaja, Nsanama, Liwonde, Ulongwe ndi pa Balaka mumayamba kumveka funso limodzi: chaka chino akupita ku Makkah ndani? Amene Allah wawapatsa mwayiwo amayamba kuthamangira pasipoti, katemera ndi nsalu za Ihram. Koma pali chinthu china chaching'ono chimene ambiri amachitola mosaganizira, chonsecho chingathe kuwathandiza kapena kuwasokeretsa. Chinthucho ndi buku la paulendo.

Chaka china malume anga, mlimi wa mpunga wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa, adandiitana Lachisanu titatuluka ku swala ya Juma. Adali atasunga ndalama za mpunga ndi nandolo kwa zaka zambiri ndipo dzina lawo lidali litalowa m'gulu la opita ku Hajj. Tili pakhonde adatulutsa kabuku ka Chingerezi m'thumba la pulasitiki. Adakagula kwa mnyamata wogulitsa mabuku akale pamsika.

"Mphwanga, tandiwerengera aka ndidziwiretu kumene ndikupita," adatero.

Nditatsegula ndidapeza kuti kabukuko kadasindikizidwa m'chaka cha 1986. Kadali kufotokoza za masitepe otsikira ku chitsime cha Zamzam, za zipilala zogendako miyala ku Mina ndi mitengo ya chakudya ya nthawi imeneyo.

"Malume, kabuku kanuka n'kabwino, koma Makkah amene akunenedwa umu adasintha," ndidatero.

Iwo adandiyang'ana modabwa. "Kodi Nyumba ya Allah imasinthanso?"

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yathuyi. Nyumba ya Allah siisintha, ndipo malamulo a ibada sasintha. Chimene chimasintha ndi njira yopitira kumeneko. Buku lililonse lonena za dziko lakutali lili ndi mbali ziwirizi, ndipo wosankha buku ayenera kudziwa kuzilekanitsa.

Yambani mwaona chaka

Musanakopeke ndi chithunzi chokongola cha pachikuto, tsegulani tsamba lachiwiri, kuseri kwa dzina la buku, ndipo muone chaka chimene lidasindikizidwa. Kuzungulira Ka'bah kasanu n'kawiri, kuyenda pakati pa Safa ndi Marwah, kuima pa Arafat pa 9 Dhul Hijjah, zonsezi buku la 1986 ndi la chaka chino anena chimodzimodzi. Koma taonani zimene zidasintha kabuku ka malume katatuluka kale.

Khomo lotsikira ku chitsime cha Zamzam lidatsekedwa m'chaka cha 2003, ndipo tsopano madziwo amamwedwa pa mipopi ndi m'zigubu zoikidwa mu mzikiti. Ku Mina zipilala zija zidasandutsidwa makoma aatali mu 2004. Anthu oposa 340 atafa popanikizana mu Januwale 2006, mlatho wakale wa Jamarat udagwetsedwa ndipo padamangidwa wina wosanjikizana umene uli ndi makomo olowera ndi otulukira osiyana. Mu 2010 kudayamba kuyenda sitima ya pamtunda yolumikiza Mina, Muzdalifah ndi Arafat. Mu 2018 kudatsegulidwa njanji ya sitima yothamanga ya pakati pa Makkah ndi Madinah, mtunda wa makilomita pafupifupi 450. Munthu wokalamba amene waloweza mapu akale pamtima adzasowa polowera akadzafika pakati pa chinamtindi cha anthu.

Nyengonso imasuntha. Kalendala ya Chisilamu imatsata mwezi, choncho Hajj imafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Mu 2007 idachitika mu Disembala, nthawi yozizira, ndipo buku lolembedwa zaka zimenezo likuuzani kuti mutenge bulangete la ku Muzdalifah. Mu 2024 idachitika mu Juni, kutentha kudafika madigiri 51.8 ku Makkah, ndipo boma la Saudi Arabia lidalengeza kuti anthu 1,301 adamwalira. Mwa iwo, 83 pa 100 aliwonse adali opanda chilolezo cha Hajj, amene adayenda mitunda italiitali padzuwa popanda hema kapena basi. Pamenepa tikuona kuti langizo lachikale lakuti "ukangolowa m'dzikomo zina zonse uziona komweko" lingathe kutayitsa moyo.

Lidalembedwera ndani?

Mabuku ambiri a Hajj amene amafika kuno amachokera ku South Africa, India ndi Pakistan, ndipo ochuluka mwa iwo amatsata mazihabu a Imam Abu Hanifa. Asilamu ambiri a ku Machinga ndi Balaka tidaphunzitsidwa m'mazihabu a Imam Shafi'i, monga abale athu a ku Zanzibar ndi m'mphepete monse mwa nyanja ya mchere. Mazihabu onsewa ndi olemekezeka, ndipo palibe chifukwa chokanganirana. Koma pali mfundo zina zimene amasiyana, ndipo wowerenga ayenera kudziwa kuti buku lake likuyankhula m'njira iti.

Mwachitsanzo, kwa Imam Shafi'i khungu la mwamuna likakhudzana ndi la mkazi wake kapena mkazi wina amene angathe kumukwatira, udhu umaonongeka, pamene kwa Imam Abu Hanifa suonongeka. Taganizani za bambo amene wagwira mayi akunyumba padzanja pa Tawaf poopa kutayana. Buku lina silinenapo kanthu, pamene iye adaphunzira zina ku madrasa. Ayamba kukayika ali pakati pa ibada. Chimodzimodzinso Sa'i: kwa Imam Shafi'i ndi nsanamira ya Hajj imene siingalipiridwe ndi china chilichonse, pamene kwa Imam Abu Hanifa woisiya angathe kulipira pozinga chiweto. Mafunso otere ngofunika kuwathetsa ndi Shehe wanu musanachoke pamudzi. Amene amawerenga Chiarabu afunefune Al-Idah, buku la malamulo a Hajj limene adalemba Imam Nawawi, katswiri wa mazihabu a Shafi'i amene adamwalira mu 1277. Limeneli ndi buku lakale limene ukalamba wake sulichotsera kanthu.

Onaninso kumene wolembayo adanyamukira. Malire ovalira Ihram, amene timawatcha Miqat, amasiyana malinga ndi mbali imene munthu akuchokera. Wochokera kummwera amakumana ndi Yalamlam, pamene woyamba wapita ku Madinah amavalira pa Dhul Hulayfah. Buku lolembedwera anthu a ku London litchula malo ena. Inu amene mudzakwerera ndege ku Chileka kapena ku Lilongwe n'kukasintha ku Addis Ababa kapena Nairobi, funsani mtsogoleri wa gulu lanu kumene mudzavalire Ihram, popeza malirewo mungathe kuwadutsa muli m'mwamba.

Izi sizikukhudza a Hajj okha. Anyamata athu ambiri amapita ku Johannesburg ndi Durban kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Mabuku okongola onena za South Africa amalembedwera alendo okaona nyama ndi kugona m'mahotela. Sanena kumene kuli mzikiti, sanena kogula nyama ya halali, ndipo sakuchenjezani kuti chidindo cha mlendo chimene amadinda pachipata si chilolezo chogwirira ntchito. Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene adapulumutsidwa ku Oman atazunzika pa ntchito za m'nyumba. Makolo, mwana akanena kuti wapeza ntchito kunja, chithunzi cha nyumba zazitali za dzikolo sichikwanira. Funani zolembedwa zonena za malamulo a ntchito a kumeneko.

Liyeseni ndi kwanu

Pa mabuku a mapu ndi mabuku ofotokoza maiko onse, pali muyeso wosavuta umene mwana wa sitandade 6 angathe kuchita. Tsegulani pamene pali Malawi. Ngati likulu la dziko ndi Zomba, bukulo ndi la chaka cha 1975 chisanafike. Ngati boma lathu likutchedwa Kasupe, limenelo ndi dzina lakale la Machinga. Ngati Balaka sakuoneka ngati boma palokha, mapuwo adajambulidwa 1998 isanakwane, popeza m'chaka chimenecho ndi m'mene Balaka adapatulidwa ku Machinga. Buku limene latsalira pa nkhani za kwanu, kumene mukukudziwa bwino, musalikhulupirire msanga pa nkhani za kumene simudafikeko.

Kenaka onani maiko ena. Zaire idasanduka Democratic Republic of Congo mu 1997. South Sudan idapatuka ku Sudan mu 2011. Swaziland idatenga dzina la Eswatini mu 2018. Ndipo ngakhale mapu atakhala atsopano, sanena zonse. Mabuku ambiri amayamikira Khartoum ngati mzinda wa maphunziro a Chisilamu, kumene International University of Africa idaphunzitsa achinyamata ochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Nkhondo imene idabuka kumeneko mu Epulo 2023 idasandutsa masamba amenewo kukhala mbiri yakale. Kholo lofuna kutumiza mwana kusukulu yakunja liwerenge buku, koma limverenso wailesi.

Buku la mbiri si buku la njira

Asilamu tili ndi chuma chambiri cha mabuku a maulendo. Ibn Jubayr adanyamuka ku Granada mu 1183 kupita ku Hajj ndipo adalemba mwatsatanetsatane zimene adaona ku Makkah ndi Madinah. Ibn Battuta adachoka kwawo ku Tangier mu 1325 ali ndi zaka 21, cholinga chake chili Hajj yomweyi, koma adayenda zaka pafupifupi 30. Cha mu 1331 adafika ku Kilwa ndipo adauyamikira mzindawo chifukwa cha kukongola kwake. Kilwa yemweyu ndi dera limene makolo athu a Chiyao ankapitako pansi ndi minyanga ya njovu zaka mazana angapo pambuyo pake, monga akusimbira Yohanna Abdallah m'buku lake la Chiikala cha Wayao la mu 1919.

Mabuku otere awerengereni ana madzulo, chifukwa amatsegula mutu ndi kulimbitsa mtima. Koma amene angapite ku Kilwa Kisiwani lero atanyamula Ibn Battuta akapeza mabwinja a mzikiti waukulu ndi nyumba ya mfumu. Ndiponso akatswiri adapeza kuti mbali zina za buku la Ibn Battuta zofotokoza Makkah ndi Damascus zidatengedwa m'buku la Ibn Jubayr. Ngati buku lotchuka chotere limafunika kuliyesa, nanga bwanji kapepala kopanda dzina la wolemba?

Masiku ano timapepala totere timabwera pa foni. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda dzina, wopanda tsiku, uli ngati buku lothothoka chikuto. Za viza, katemera wa matenda oumitsa khosi amene boma la Saudi Arabia limafuna kwa aliyense wa Hajj, mtengo wa ulendo ndi kulemera kwa katundu, musazitenge m'buku kapena pa foni ya mnzanu. Kwacha idatsika mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo mitengo yonse yolembedwa kale idasanduka yabodza. Zinthu zimenezi kafunseni kwa okonza ulendo ovomerezeka, chaka chomwecho chimene mukupita.

Zimene tidachita ndi malume

Kabuku ka 1986 kaja sitidakataye. Maduwa ndi ndondomeko ya ibada zidali zolondola, ndipo Shehe wa pamzikiti wathu adatisonyeza malo atatu amene kadasiyana ndi zimene malume adaphunzira. Tidagula kope la ana asukulu. Kwa masabata anayi tinkapita kwa bambo wina amene adabwerako chaka chapitacho, ndipo iye ankafotokoza ine ndikulemba m'Chiyao ndi zilembo zikuluzikulu: chipata cholowera, kumene amasiya nsapato, mmene angadziwire hema lawo ku Mina, mawu ochepa a Chiarabu ofunsira madzi, chimbudzi ndi chipatala. Pa tsamba loyamba tidalemba dzina la hotela ndi nambala ya mtsogoleri wa gulu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Malume adafunsa, adapita, ndipo adabwerako bwino. Alhamdulillah.

Mabuku abwino ndi odula, ndipo si banja lililonse lingathe kugula. Koma komiti ya mzikiti ingathe kugula buku limodzi la mapu latsopano ndi buku limodzi la Hajj limene Shehe waliona, n'kuwasunga m'kabati ya madrasa. Opita ku Blantyre kapena Lilongwe angathenso kukawerenga ku laibulale ya National Library Service. Ndipo inu ma Alhaj ndi ma Hajjat amene mudabwerako, mabuku ndi makope anu asadyedwe ndi chiswe m'sutikesi. Lembanipo chaka chimene mudapita, konzani ndi cholembera pamene mudapeza kuti zidasintha, ndipo muwapereke kumzikiti kuti wopita chaka chamawa adzayambire pamene inu mudalekezera.

Allah awafewetsere ulendo onse amene akukonzeka, ndipo awabweze kwa mabanja awo ali amoyo.