Mphere ku Chiwamba: chimene khungu limanena likamayabwa

M'nyumba imene mwalowa mphere ku Chiwamba, usiku tulo sitibwera. Mwana amadzikanda pakati pa zala, m'mikono ndi m'chiuno mpaka magazi kuoneka pachofunda. Kukacha, mayi amathamangira pamsika kukagula kachubu ka mafuta okhala ndi betamethasone. Kuyabwa kumazizira ndithu, koma pakapita masabata angapo, nyumba yonse ikukanda.

Mphere zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes scabiei, komwe kamakumba ngalande pamwamba pa khungu n'kuikiramo mazira. Bungwe la WHO, lomwe mu 2017 lidaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, limati anthu oposa 200 miliyoni amakhala nazo nthawi ina iliyonse. Chodabwitsa n'choti wodwala amene akuyabwa thupi lonse nthawi zambiri amakhala ndi tizilombo 10 mpaka 15 tokha. Kuyabwa konseko kumachokera m'thupi mwake momwe.

Maselo a pamwamba pa khungu akamva malovu ndi ndowe za kachilomboka, amatulutsa timapuloteni totchedwa cytokines, tomwe timagwira ntchito ngati mthenga wa mfumu woitana anthu kubwalo. Maselo a Langerhans, amene Paul Langerhans adawaona mu 1868, amanyamula zizindikiro za kachilomboka kupita nazo ku mwanabere, komwe maselo a T amaphunzira kukazindikira. Maselo ena amatulutsa histamine, mitsempha ya magazi imatakasuka, khungu n'kutupa, kutentha ndi kuyabwa. Kuphunzirako kumatenga nthawi: wodwala koyamba amayamba kuyabwa pakatha masabata 4 mpaka 6, akupatsira kale anzake osadziwa, pomwe amene adadwalapo amamva m'masiku ochepa.

Thupi lilinso ndi maselo oletsa. Iwo amatulutsa uthenga wina, monga IL-10, wouza anzawo kuti aleke. Uthengawu ukachepa, khungu limatupa ngakhale palibe choopsa. Chitetezo chikafooka, mwachitsanzo kwa munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, tizilombo timaswana kufika zikwizikwi, khungu n'kuchita nkhanambo zokhuthala.

Apa ndi pomwe mafuta a pamsika aja amapweteketsa. Amatseka pakamwa maselo oitana chithandizo, kachilombo n'kumaswana mwaufulu. Zipere nazo zimakula zikapakidwa mafuta otere, ndipo amene amawadzola kuti ayere amachititsa khungu lawo kukhala lopyapyala. Pamabala a kukanda pamalowa mabakiteriya obweretsa mafinya, omwe kwa ana ena amafika powononga impso.

Mankhwala enieni ndi opha kachilomboko, monga benzyl benzoate wopaka thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, kapena mapiritsi a ivermectin. Onse a m'nyumba alandire chithandizo tsiku limodzi, ngakhale amene sakuyabwa. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, kapena zimangidwe m'jumbo kwa masiku angapo, poti kachilomboka sikakhalitsa kunja kwa thupi. Kuyabwa kukapitirira kwa masabata 2 mpaka 4 mutapaka mankhwala, musataye mtima: maselo amachedwa kukhazikika.

Mwana akayamba kukanda usiku, yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo kapena pachipatala cha Chiwamba. Zikakula, zipatala za Kabudula, St Gabriel ku Namitete ndi Kamuzu Central zilipo. Khungu loyabwa likufuna woyeza kuti adziwe chayambitsa, mafuta abwere pambuyo.