Musataye Chivundikiro cha Nyali

Masiku ano eni galimoto ambiri akuchotsa mababu akale a halojeni naika a LED, pofuna kuona bwino usiku. Cholingacho n'chabwino ndithu. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a nkhani iyi ali kuseri kwa nyali, kumene maso safikako kaŵirikaŵiri.

Tikatsegula boneti tipeza kuti kumbuyo kwa nyali zambiri kuli chivundikiro cha mphira kapena cha pulasitiki. Ntchito yake ndiyo kutsekereza fumbi ndi madzi. Chinapangidwa molingana ndi babu la halojeni, monga la H4 la mawati 60 ndi 55, limene lili lalifupi. Babu la LED lili ndi tsinde lalitali, pakuti kutentha kwake kumatulukira kumbuyo, kumene kuli tizitsulo totaya kutenthako, ndipo mababu ena ali ndi kafani. Motero chivundikiro chakale chimakana kuloŵa, ndipo woika babu amangochiponya pambali.

Ife zinationekera. Galimoto yathu inayenda m'fumbi la Okutobala nyali zili pululu kumbuyo, ife osadziŵa. Itagwa mvula, magalasi anachita nkhungu m'kati, kuŵala kuja nkuzilala. Usiku wina tinangotsala pang'ono kugunda mnyamata wapanjinga, chifukwa tinamuona tili naye kale pafupi.

Chimachitika n'chiyani? Fumbi limakakamira pa mbale yonyezimira ya m'kati, imene imaponya kuŵala pamsewu, ndipo mbaleyo imakandika msanga munthu akati aipukute. Babu la halojeni linkafunditsa galasi ndi kuumitsa chinyezi, koma la LED silitentha kwenikweni kutsogolo, choncho madzi akaloŵa amakhalitsa. Fumbi lomwelo limatsamwitsanso kafani, babu nkutentha mopitirira ndi kufa msanga.

Tichitenji tsono? Tiyese kukamwa kwa nyali m'mamilimita, ndi kugula chivundikiro chakuya chogwira bwino pakamwapo, chosiya mpata kuseri kwa kafani kuti mpweya uzizungulira. Mawaya tiwapinde bwino kuti asakhudze kafaniko. Ngati taboola chivundikiro podutsa waya, pobooledwapo timate. Tisamangepo jumbo, pakuti imafooka ndi kutentha ndipo ikhoza kukola kafani. Timabowo topumira nyali tisatitseke; ndimo mmene chinyezi chimatulukira.

Potsiriza, tiimike galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma ndi kuona kumene kuŵala kukugwera. Nyali yoloza m'mwamba imathobwa m'maso mnzathu wochokera kutsogolo, ndipo iye sangaone mwana woyenda m'mbali mwa msewu.

Inu makolo, musanachoke kwa makaniko funsani kuti chivundikiro chili kuti; safunsa anadya phula. Ndipo inu anyamata amene mumaika nokha mababu, ntchito musaiyese yatha nyali zikangoyaka. Yatha pamene kumbuyo kwatsekedwa.