Chifukwa Chake Magazi a M'bale Amakanika Nthawi Zina

Mayi akataya magazi ambiri pobereka kumapiri a Misuku, amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Chitipa, ulendo wotsika zitunda kudzera pa Kapoka. Achibale amatsagana naye ali okonzeka kupereka magazi awo, koma ena amadabwa akauzidwa kuti a mchemwali wake, wobadwa naye bere limodzi, sangalowe m'thupi mwake. Tione kaye chifukwa chake tisanafike pa zomwe ma Ulama ananena.

Mu 1901 dokotala wa ku Vienna, Karl Landsteiner, anasakaniza magazi a anzake a kuntchito ndipo anaona kuti ena amaundana akakumana pomwe ena saundana. Anapeza magulu atatu amene lero timawatcha A, B ndi O. Lachinayi, AB, linapezeka mu 1902.

Nkhani yagona apa. Pa maselo ofiira a magazi pamakhala zizindikiro: wa gulu A ali ndi chizindikiro A, wa B ali ndi B, wa AB ali nazo zonse, wa O alibe chilichonse. Tsono m'madzi a magaziwo muli asilikali olimbana ndi chizindikiro chimene mwiniwakeyo alibe. Wa gulu A akaikidwa magazi a B, asilikali ake amaphwanya maselo achilendowo. Thupi limatentha, mkodzo umada, impso zimatha kusiya ntchito, munthu n'kufa ndi chimene chimayenera kumupulumutsa. Maselo a O alibe poti asilikali agwire, n'chifukwa chake amathandiza magulu onse, koma mwini wa O amalandira a O okha.

Nanga ubale? Mwana amatenga mbali kwa bambo, mbali kwa mayi, moti bambo wa A ndi mayi wa B angathe kubereka ana a magulu onse anayi m'nyumba imodzi.

Palinso chizindikiro cha Rh, chimene Landsteiner ndi Alexander Wiener analengeza mu 1940. Amene ali nacho amatchedwa pozitivi, amene alibe negetivi, ndipo kwathu kuno a negetivi ndi ochepa. Mayi wa negetivi akabereka mwana wa pozitivi, thupi lake lingapange asilikali odzavulaza mwana wa mimba yotsatira. Jakisoni wa anti-D woperekedwa asanathe maola 72 chibadwire mwana amateteza zimenezi. Amuna amene amaona kuti kuperekeza akazi awo ku sikelo n'kutaya nthawi aganizirepo bwino.

Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Baqarah ndime 173, inaletsa kudya magazi, ndipo ndime yomweyo inachotsa tchimo pa munthu wosimidwa. Pa maziko amenewa ma Ulama ambiri analola kuikidwa magazi ngati moyo uli pachiswe komanso woperekayo savulala, kaya akhale Msilamu kapena ayi. Bungwe la Fiqh la Muslim World League, pokumana ku Makkah mu 1989, linagamula kuti kuikidwa magazi sikubweretsa ubale woletsa ukwati monga umene umadza ndi kuyamwa, ngakhale wolandirayo ali khanda losakwana zaka ziwiri. Choncho mwamuna wopatsa mkazi wake magazi sanaononge nikah. Linaletsanso kugulitsa magazi, potsatira Hadith ya mu Bukhari imene Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa mtengo wa magazi. Wosimidwa amene wakakamizika kugula alibe tchimo, tchimo lili kwa wolandira ndalama.

Ife tikuona kuti vuto lathu si chilolezo ayi, koma kudikira mpaka tsiku la ngozi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lili ndi nthambi ku Mzuzu, limayeza magazi ngati ali ndi HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi, n'kuwasunga pozizira kwa masabata pafupifupi asanu. Ambiri opereka ndi ana a sukulu, ndiye sukulu zikatsekera magazi amachepa, pomwe malungo ndi uchembere sizipita ku holide. Wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5 m'thupi, ndipo amene amatengedwa sakwana theka la lita.