Mbava za pafoni zikugwetsa geni m'chigwa cha Shire

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndilankhule ndi anzanga a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, makamaka abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu, pa za umbava wa mtundu watsopano umene ukusaukitsa anthu a geni zing'onozing'ono. Ndidaphunzitsa zaka 34 m'sukulu za pulayimale za m'chigwa chino ndipo ndidapuma ndili mphunzitsi wamkulu. Ku koleji adatisula ndi choko ndi bolodi, osati makompyuta, koma zimene zagwa pabanja pathu zandikakamiza kugwira cholembera.

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi kaokala pamsika wina kufupi ndi Ngabu. Amagulitsa sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira, komanso ndi ejenti wotumiza ndi kutapitsa ndalama pafoni. Tsiku lina m'nyengo yogulitsa thonje, bambo wina adamuimbira foni nadzitchula kuti ndi wa ku likulu la kampani ya foni. Adamutchula dzina ndi nambala yake ya uejenti mosaphonya. Adati akukonza makina, ndipo layini yake itsekedwa pofika 5 koloko ngati satsatira zimene amuuze. Makasitomala ali pamzere, dzuwa la kuno likuswa mtengo, mwanayo adayamba kudina manambala amene ankamuwerengera, mpaka adalowetsa nambala yake yachinsinsi. Pomadula foni n'kuti K240,000 itapita.

Theka la ndalamazo lidali ngongole ya ku banki mkhonde. Kaamba ka manyazi adakhala chete milungu iwiri osauza ngakhale mwamuna wake. Pamene nkhani idatipeza, nambala ya wakubayo idali itasiya kale kulira. Tidagulitsa mbuzi ziwiri kuti abweze ngongole, ndipo mpaka lero mashelefu a okala ija ali pululu. Nditamufunsa kuti wakubayo adadziwa bwanji dzina ndi nambala, adandilozera chikwangwani chimene adachikhoma yekha panja pa okala kuti makasitomala aziwerenga.

Ife akuluakulu tidazolowera mbava yoboola khoma usiku. Galu ankauwa, anthu n'kudzuka, ndipo m'mawa tinkalondola mapazi mpaka kwa nyakwawa. Mbava ya lero sisiya phazi. Imakhala kutali, mwina ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo chitseko timaitsegulira tokha ndi zala zathu. Nyuzipepala zakhala zikulemba kuti ena mwa akamberemberewa amaimba mafoniwo ali m'ndende, makamaka ya Zomba. Munthu womangidwa kale akubera mayi wogulitsa mlamba wouma pa Bangula!

Musandimve molakwa, sindikuda foni. Airtel Money idayamba m'dziko muno m'chaka cha 2012, ndipo Mpamba wa TNM adatsatira mu 2013. Zisanabwere zimenezi, munthu wa ku Makhanga kapena ku Muona ankataya tsiku lathunthu ndi ndalama zoyendera pofuna banki kapena positi ofesi, mwinanso kuwoloka Shire pabwato. Lero mwana ali ku Johannesburg kapena pa ntchito ya nzimbe ku Nchalo amatumiza thandizo, gogo n'kulandira tsiku lomwelo. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 atadula misewu, mabanja ambiri adadya chifukwa cha ndalama zodzera pafoni. Koma njira yomwe yadzera thandizo ndi yomwenso yadzera fisi.

Nditafufuza kwa anzanga opuma ntchito ndi kwa ana amene ndidawaphunzitsa, ndapeza kuti misampha yake ndi yowerengeka ndipo imangobwerezedwa. Woyamba ndi uthenga wabodza wonena kuti mwalandira ndalama. Posakhalitsa wina amaimba akulira kuti watumiza molakwitsa, ndi za maliro, chonde bwezani. Mukayang'anitsitsa, uthengawo wachokera pa nambala ya munthu wamba osati ku kampani, ndipo m'foni mwanu simunalowe ngakhale tambala. Wogulitsa amagwanso chimodzimodzi: wogula amamuonetsa uthenga woti walipira, n'kunyamula thumba la mapira, ndalama zisanalowe.

Wachiwiri ndi umene udagwira mwana wathu uja, wodzitcha wa ku kampani. Wachitatu ndi uthenga wongoti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, ina ija yavuta. Amautumiza kwa anthu mazanamazana podziwa kuti mmodzi adzakhala kuti akukonzekeradi kulipira mwini ng'ombe kapena mwini galimoto ya katundu. Wachinayi ndi wa thandizo: akuti mwasankhidwa kulandira za Mtukula Pakhomo kapena za okhudzidwa ndi madzi osefukira, koma muyambe mwatumiza ya fomu. Wachisanu ndi wolanda nambala. Foni imangofa netiweki mwadzidzidzi chifukwa wina wakatenga simu ina m'dzina lanu. Pa WhatsApp amakupemphani manambala 6 amene abwera pa uthenga, mukapereka amalowa m'malo mwanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale ndi akhristu anzanu. Taganizani zimenezi zitachitikira abusa kapena msungichuma wa mpingo.

M'misampha yonseyi muli zinthu ziwiri, changu ndi chinsinsi. Wakuba safuna kuti mupume, ndipo safuna kuti mufunse mnzanu. Pajatu akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Wina asadzione wopusa chifukwa adagwamo. Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalowa m'makina osindikizira mapasipoti ndipo ankafuna dipo. Kwa milungu ingapo Amalawi sadathe kutenga mapasipoti. Ngati zidatheka ku ofesi ya boma kumene kuli akatswiri, nanga kwa mnyamata wa kabaza amene adalekezera Sitandade 5?

Malamulo alipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loona za malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Tidafola padzuwa ndi ziphaso zathu za unzika. Koma mbava zidapeza pozembera: zimalembetsa simu pa chiphaso cha munthu wina. Abale anga, musabwereke chiphaso chanu kwa munthu chifukwa cha K2,000. Tsiku limene apolisi adzalondole nambalayo, adzagogoda pakhomo panu.

Tsono ndifike pa chimene chandiwawa kwambiri. Mdzukulu wanga amene ali pasukulu ku Blantyre atamva za tsokali, adandimvetsera pafoni yake mapologalamu amene achinyamata amawatcha podcast. Ndi zokambirana zojambulidwa, zonga za pawailesi, koma munthu amamvera nthawi imene wafuna kudzera pa intaneti. Ndidamvera atatu onena za umbava wa pa makina. Kunena chilungamo, anthuwo amadziwa zinthu, ndipo zonse zimene zidachitikira mwana wathu adazifotokoza ngati adalipo. Koma amalankhula Chingerezi chothamanga kwa ola lathunthu, zitsanzo zawo ndi za mabanki ndi makampani a ku America ndi ku Ulaya, ndipo kuti umvere uyenera kukhala ndi foni yodula, bandulo ndi potchajira. Mayi wa pa Marka amene ali ndi kafoni ka mabatani ndipo amalankhula Chisena adzamva liti? Chenjezo likufika kwa amene ali otetezeka kale, pamene wakuba akulankhula chinenero chathu bwinobwino.

M'kalasi ndidaphunzira kuti phunziro limene mwana sadalimve silidaphunzitsidwe, ngakhale mphunzitsi akhale wanzeru chotani. Choncho ndikupempha ana athu ophunzira amene amakonza mapologalamuwa kuti ajambuleko za mphindi zisanu m'Chichewa, m'Chimang'anja ndi m'Chisena, zokamba za okala, za msika wa ng'ombe ndi za banki mkhonde. Azipereke ku wailesi zathu za m'dera monga Nyanthepa ndi Gaka, kumene anthu amamvera ulere.

Kwa inu atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, palibe wailesi imene imaposa guwa lanu. Pa nthawi ya zolengeza patulani mphindi zitatu zokha muwauze anthu izi. Nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale wodzitcha wa ku kampani, ndipo isakhale chaka chobadwa. Musabweze ndalama kapena kupereka katundu musanaone nokha zotsala m'foni mwanu. Wina akakufulumizitsani, dulani foni, muimbire mwini wake pa nambala imene mumaidziwa kale. Thandizo la boma kapena la mabungwe siligulidwa. Foni ikafa netiweki pamene za anzanu zikugwira, thamangani ku ofesi ya kampani tsiku lomwelo. Koposa zonse, auzeni kuti wobedwa si wochimwa. Aulule msanga ku kampani ndi ku polisi, chifukwa manyazi a mwana wathu adapatsa mbava milungu iwiri yobera ena.

Makampani a foni, a MACRA ndi apolisi nawonso asamangotumiza timauthenga pafoni, poti ambiri kuno satha kuwerenga. Abwere ndi zimkuzamawu pa masiku a msika ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, ndipo nambala ikadandaulidwa aziitseka msanga.

Anthu a m'chigwa chino tapirira chilala, madzi osefukira ndi ng'ona. Kampamba kamene munthu wakatola movutikira chotere kasathere pa foni ya mphindi zitatu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ngabu, Chikwawa.