Mfuti ya Gogodela: Chifukwa Chache Iphonya ndi Katsukidwe Kache

Chimanga chikayamba kukhwima nguluwe ndi anyani salephera kufika, ndipo m'midzi ina muli anthu amene ali ndi chilolezo cha Boma chosungira mfuti ya gogodela kuti azichinjiriza minda yao. Poyenda pa nchito yanga ndamva dandaulo limodzi kawiri-kawiri, lakuti, "Mfuti yangayi kale inali yolunjika, lero yayamba kuphonya, kodi wina anailodza?" Ine ndikaipima ndipezamo dzimbiri ndi mwaye, ufiti ai.

Poyamba mudziwe mtundu wa mfuti yanu. Zina ziri ndi tingalande tokhota m'kati mwa mpope, timene tizunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika. Yotere ndi Enfield ya 1853 ya asilikari a ku Britain. Zina ziri ndi mpope wosalala, ndipo zambiri zimene makolo athu anagula ndi minyanga zinali zotere. M'chaka cha 1890 maiko a Azungu anapangana ku Brussels kuletsa malonda a mfuti zatingalande m'maiko ano, nalola zosalala zoyaka ndi mwala pamodzi ndi wonga wamba. Mfuti yosalala, ngakhale ikhale yatsopano, siikhulupirika kupitirira mayadi 50. Munthu amene aombera nguluwe iri pa mayadi 100 naiphonya asanamizire mfuti yache. Angotaya wonga chabe.

Tsono timve za wonga. Wonga wakuda upangidwa ndi makala, sulufule ndi mchere wina wotchedwa saltpetre. Ukayaka suthera wonse m'moto. Woposa theka lache utsala ngati phulusa. Lina lituluka ndi utsi woyera uja, lina likanirira m'mpope. Mwaye umenewu uchepetsa njira ya chipolopolo. Nchifukwa chache choyamba chitsika bwino posindira, koma chachitatu kapena chachinai chifuna mphamvu, ndipo chiri chonse chituluka mosiyana ndi chinzache. Mwayewo ukokanso chinyezi monga achitira mchere wa m'nyumba nthawi ya dzinja, kotero kuti mfuti imene yagona usiku umodzi wosatsuka ikhoza kudzuka ndi dzimbiri.

Kuti mudziwe pamene pali bvuto, iyeseni mfutiyo masana. Uzani amfumu, ndipo funani malo amene kumbuyo kwache kuli chulu chachikulu, kopanda njira kapena ziweto. Imikani thabwa pa mayadi 25 ndi kulembapo chizindikiro ndi khala. Khalani pansi, mfuti muitsamiritse pa thumba la mchenga kuti manja asanjenjemere. Omberani katatu pa chizindikiro chomwecho, ndipo mukaomba kamodzi pukutani m'mpope ndi kansaru konyowa pang'ono, pambuyo pache kouma. Kupukutako kuchotsa mwaye, kuzimanso timakala timene tingayatse wonga watsopano m'manja mwanu.

Ngati zipolopolo zitatuzo zagwa pafupi-pafupi koma kumbali kwa chizindikiro, kondwani, pakuti mpope uli bwino ndipo zolakwa ndi zochalira. Chochalira chakumbuyo chisunthidwe kunka kumene mufuna kuti chipolopolo chipite. Chakutsogolo chisunthidwe kunka kwinako. Pa mfuti yopanda chochalira chakumbuyo mungophunzira pamene imenya ndi kukumbukira. Koma ngati zamwazika, china kumtunda, china kumunsi, bvuto liri pa kasindiridwe kapena m'mpope. Posanthula sinthani chinthu chimodzi chokha ndi kuombanso katatu. Mukasintha wonga, nsaru ndi chipolopolo nthawi imodzi, mudzadziwa bwanji chimene chakonza?

Cholakwa chimene ndachiona koposa ndi kuyesa wonga pachikhato. Chikhato chidzaza mosiyana m'mawa ndi madzulo, makamaka nguluwe ikamveka pafupi. Dulani kansungwi kolowa muyeso umene wogulitsa wachilolezo anakuuzani, ndipo muzikadzaza mofanana nthawi zonse. Musathire wonga m'mpope kuchokera m'nyanga kapena m'chitini. Mutatsala moto m'katimo chonsecho chidzaphulikira kumaso kwanu. Ena aganiza kuti wonga wambiri ndiwo ulunjikitsa. Si zoona. Mfuti yodzazitsa ikankha phewa, mwini wache nayamba kutsinzina ndi kugwedeza asanaombe, ndipo aphonya chifukwa cha mantha ache omwe.

Chipolopolo chikhale cha mtovu wofewa, chobulungira bwino, ndipo zonse zikhale zofanana kukula kwache. Chikulungidwe m'kansaru ka thonje kopaka mafuta a ng'ombe pang'ono; nsaru ya nayiloni isungunuka ndi moto. Mukaomba yendani mayadi owerengeka kutsogolo ndi kutola kansaruko. Ngati kang'ambika kapena kapsya pakati, ndiye kuti nkopyapyala, kapena m'mpope muli mokakala ndi dzimbiri. Misomali, zidutswa za chitsulo ndi timipira ta njinga zikanda mpope ndipo zipita kumene zifuna zokha.

Chipolopolo chisindiridwe kufikira chitakhala pa wonga peni-peni. Mukasiya mpata pakati, mpope ukhoza kutupa kapena kung'ambika, ndipo zala za dzanja lamanzere ziri pomwepo. Lembani mizere iwiri pa ndodo yosindirira: umodzi wosonyeza pamene ifika mfuti iri yopanda kanthu, wina pamene ifika mfuti itasindiridwa bwino. Mizereyi idzakuuzaninso ngati mwasindira kawiri mwakuiwala. Onaninso kukamwa kwa mfuti, pakuti ndodo yachitsulo yokhala ndi mchenga idya kukamwako mbali imodzi pang'ono-pang'ono, ndipo kukamwa kopendama kupendamitsa chipolopolo. Mpope wogwedezeka pa mtengo wache uphonyetsanso chimodzi-modzi.

Nthawi zina fataki alira koma mfuti ichedwa kuyankha. Kawiri-kawiri ndiye kuti kaboo kopita moto katsekeka ndi mwaye kapena mafuta, kapena wonga wanyowa. Zikatero musatsitse mfuti ndi kuisuzumira. Ilozetseni ku chulu mphindi yathunthu kapena kuposa, pakuti moto ukhoza kukhala ukunyeka m'katimo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndichinena mwamphamvu. Wonga wopanda utsi, umene Paul Vieille wa ku France anapanga mu 1884, ndiwo uli m'makatiriji a mfuti zamakono. Mphamvu yache iposa imene mpope wa gogodela ungapirire. Musasule katiriji kuti mutengemo wonga, ngakhale pang'ono pokha, ndipo mitu ya machesi musaiyese konse.

Katsukidwe kache nkosabvuta, ndipo mankhwala ache ndi madzi, pakuti mwaye wa wonga wakuda usungunuka m'madzi. Tsukani tsiku lomwelo mwaombera. Chotsani fataki, ndipo yesani ndi ndodo ya mizere ija kuti mutsimikize kuti mulibe kanthu. Ngati mpope uguluka pa mtengo wache, bviikani kumunsi kwache m'ndowa ya madzi ofunda a sopo pang'ono, ndipo kankhani ndi kukoka ndodo yomangirira nsaru. Madzi adzalowa ndi kutuluka pa kaboo kaja monga pa mpope wa njinga. Ngati suguluka, tsekani kabooko ndi nthenga, thirani madzi kukamwa, khutchumulani ndi kutaya, osanyowetsa mtengo. Bwerezani kufikira madzi atuluke oyera. Potsiriza thirani madzi otentha kuti chitsulo chiume msanga, pukutani ndi nsaru zouma, ndi kupaka mafuta pang'ono m'kati ndi kunja. Mawa lache pititsaninso kansaru. Kakatuluka kofiira, ndiye kuti simunaumitse bwino.

Musanasindirenso pukutani mafutawo, chifukwa mafuta a makina akasakanizika ndi mwaye asanduka phula louma. Lizani fataki mmodzi wopanda wonga mutaloza pa udzu, ndipo udzu ukagwedezeka kaboo nkotseguka. Posunga, kukamwa kuloze pansi kuti mafuta asatsikire m'kaboo. Mfuti isasungidwe yosindira, ndipo wonga ukhale kwina, kouma, kutali ndi moto ndi ana. Mpope wotupa, wang'alu kapena wodyeka maenje akuya watha nchito. Musauotcherere, kaperekeni ku Polisi.

Tsono kwa inu mafumu. Lamulo la mfuti la 1967 lifuna kuti mwini mfuti akhale ndi chilolezo, ndipo gogodela wosulidwa kumudzi ndi mlandu. Mwini mfuti akamwalira, mfutiyo isangopita kwa mphwache monga khasu. Kanenani ku Polisi. Chilolezo cha mfuti si chilolezo chosakira m'nkhalango za Boma, ndipo kuyambira 2017 wopha nyama zotetezedwa koposa, monga njobvu, akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Uzaninso anthu anu kuti asaombere phokoso la m'chimanga usiku asanaone chimene chiri m'menemo, pakuti mwina ndi mwana wa mnansi akufuna mbuzi yosokera.

Sabata yamawa tidzakamba za kukonza nkhokwe tisanakolole. Tsalani bwino.