Masamba a nimu: mphamvu yake ndi malire ake

M'midzi yozungulira nkhalango ya Kuti, mtengo wa nimu ndi wodziwika kwa aliyense. Kwawo kwenikweni ndi ku India, koma unazolowera nyengo yotentha ya kunyanja kuno. Pakhomo pakagwa matenda, ambiri amathyola masamba ake ndi kuwiritsa kuti odwala amwe kapena asambe.

Kuwawa kwa masambawa kumachokera ku mankhwala achilengedwe monga nimbin ndi azadirachtin. Akatswiri anapeza kuti madzi a masamba a nimu amafooketsa tizirombo tina toyambitsa matenda apakhungu monga zipere. Nimu alinso ndi mankhwala otchedwa gedunin, omwe poyesedwa m'labotale anaonetsa mphamvu yolimbana ndi tizirombo ta malungo.

Komabe zochitika m'labotale n'zosiyana ndi zochitika m'thupi la munthu. Mphamvu ya masamba imasintha malinga ndi mtengo, nyengo ndi kawiritsidwe kake, choncho palibe amene angadziwe mlingo weniweni wa mankhwala omwe ali m'kapu. Thupi likazizirako, banja limaganiza kuti mwana wachira pomwe tizirombo tikuswanabe m'magazi. Malungo onyalanyazidwa motere amabweretsa kuchepa kwa magazi, kukomoka, ngakhale imfa.

Mankhwala a LA, omwe dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 2007, nawonso gwero lake ndi chomera. Mbali imodzi ya mankhwalawa imachokera ku artemisinin, wopezeka m'chomera cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyi. Kusiyana kwake n'kwakuti LA anayesedwa pa anthu ambiri, ndipo mlingo wake umaperekedwa potengera kulemera kwa wodwala: kawiri patsiku kwa masiku atatu.

Amayi oyembekezera asamwe nimu. Makanda ndi ana aang'ono asamwetsedwe nimu, makamaka mafuta a njere zake, chifukwa amatha kuwasanzitsa ndi kuwakomola.

Pamene tikulowa m'dzinja udzudzu uchuluka. Mwana akatentha thupi, pitani naye tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zaumoyo, kuchipatala chapafupi kapena kuchipatala cha boma cha Salima, komwe kuyezetsa malungo ndi mankhwala n'zaulere. Mukauze azachipatala ngati wodwalayo wamwa kale masamba. Nimu tipitirize kumudzala ndi kumusamala, koma malungo tikachizire kuchipatala.