Tsiku limene ndinauza kalasi kuti wolakwa ndine

Chaka china ndinapatsa ophunzira a Fomu 3 ntchito yopeza g pogwiritsa ntchito pendulamu. Mukudziwa kuti g imayenera kutuluka pafupifupi 9.8 m/s². Koma magulu onse asanu ndi limodzi anapeza cha m'ma 10.2. Ndinawakalipira kuti sakuwerenga bwino nthawi pa wotchi. Kenako mtsikana wina anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, kodi zingwezi ndi 50 cm zoona?"

Zingwezo ndinadula ndine, pogwiritsa ntchito rula yakale yomwe nsonga yake inathyoka. Titayeza ndi rula ina, kutalika kwa pendulamu iliyonse kunali 48 cm. Popeza g = 4π²L/T², kulemba 50 m'malo mwa 48 kumakweza yankho: 9.8 × 50 ÷ 48 ndi pafupifupi 10.2. Ana anachita zonse molondola. Ndinachita manyazi, koma ndinaima kutsogolo n'kunena kuti, "Pepani, wolakwa ndine."

Mu Physics timasiyanitsa zolakwika za mitundu iwiri. Random error imabwera mwachisawawa, monga kuchedwa kapena kufulumira kudina wotchi. Nthawi ina yankho limakwera, nthawi ina limatsika, ndiye mukabwereza kangapo n'kupeza avareji, vutolo limachepa. Systematic error ndi ina: imakankhira mayankho onse mbali imodzi, chifukwa vuto lili m'chipangizo kapena m'njira yoyezera. Imeneyi ngakhale mubwereze ka 100 siichoka. Magulu onse atapeza 10.2, ndinayenera kukayikira rula yanga nthawi yomweyo.

Zoterezi zimachitikiranso akatswiri. Mu Seputembala 2011, gulu la asayansi lotchedwa OPERA linalengeza zotsatira zodabwitsa. Ankayeza tinthu ting'onoting'ono totchedwa neutrino, tochokera ku CERN pafupi ndi Geneva, kudutsa pansi pa nthaka mpaka ku Gran Sasso ku Italy, mtunda wa makilomita pafupifupi 730. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, choncho ulendowu umatenga cha m'ma 0.0024 sekondi. Koma ma neutrino ankaoneka kuti akufika msanga kuposa kuwala ndi ma nanosecond 60. Nanosecond ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa m'zigawo 1 biliyoni, ndipo pa ma nanosecond 60 kuwala kumayenda mamita 18 okha. Ndi kanthawi kochepetsetsa, komabe kanali kutsutsana ndi zimene Albert Einstein anafotokoza mu 1905, zoti palibe chinthu chingapose liwiro la kuwala.

Gululi linali litayeza ma neutrino oposa 15,000, ndiye random error inali yochepa kwambiri. Linaika poyera njira zake zonse n'kupempha asayansi ena kuti afufuze ngati pali polakwika. Mu Febuluwale 2012 linalengeza lokha kuti lapeza mavuto awiri: chingwe cha fibre optic chobweretsa nthawi kuchokera ku GPS sichinamangidwe bwino, komanso kachipangizo kena kowerengera nthawi kankathamanga molakwika. Mwezi wotsatira mtsogoleri wa gululi, Antonio Ereditato, anatula pansi udindo. Chaka chomwecho gulu la ICARUS, komanso OPERA yomwe itakonza zipangizo, anayezanso n'kupeza kuti ma neutrino sakuposa kuwala.

Kuvomereza kunali kowawa, koma akanabisa, anthu ambiri akanataya nthawi ndi ndalama pofufuza chinthu chomwe kulibe. Inenso ndikanaumirira kuti vuto ndi ana, chaka chotsatira ndikanadulanso zingwe ndi rula yomweyo. Masiku ano ndisanayambe pulakitiko iliyonse ndimayamba ndaona ngati ammeter ikuloza pa 0, ndipo kutalika ndimayeza ndi marula awiri.

Ndiye inu mukapeza yankho losiyana ndi la m'buku, musafufute n'kulemba 9.8 kuti musangalatse aphunzitsi. Lembani zomwe mwapeza, kenako dzifunseni: kodi mayankho akumwazika, kapena onse apendekera mbali imodzi? Ngati apendekera mbali imodzi, yang'anani chipangizo ndi njira yanu. Mukapeza pomwe munalakwitsa, lembani mu lipoti kuti munalakwitsa pati ndipo zinasintha yankho motani. Chimodzimodzi pepala la mayeso likabwera ndi 35%: musalipinde n'kuliponya m'chikwama. Onani funso lililonse lomwe munaphonya. Mwina mupeza kuti nthawi zonse mumaiwala kusintha cm kukhala m, ndipo vuto lotere lingathe sabata yomweyo.

Rula yothyoka ija ndinaisunga. Ili mu labu, ndipo Fomu 3 iliyonse yatsopano ndimaipatsa kuti ipeze yokha chomwe chalakwika.